Dzanzi la m'zala limasintha ndikapendeketsa khosi, ndithandizeni

Abale anga pagulu pano, ndigawireni nzeru. Ndine telala, ndimasokera pakhonde ku Kawale, zaka 11 tsopano. Chiyambire Juni dzanja lamanja limachita dzanzi: chala chachikulu, chamkombaphala, chapakati ndi theka la chala cha mphete. Kachala kakang'ono kokha ndiko kali bwino. Usiku ndiye zimanyanya, ndimadzuka cha m'ma 2 koloko n'kumakutumula dzanja mpaka litsitsimuke. Dzana singano inandipulumuka katatu mwini chitenje ali pompo akuyang'ana.

Kuchipatala anati ndi carpal tunnel syndrome. Akuti mtsempha wotchedwa median ukupanikizika pamene timavalira wotchi, pomwe umadutsa pakampata kothina. Anandiuza kuti ndizigona nditavala chomangira kuti dzanja lisapindike.

Koma chondizunguza mutu ndi ichi. Ndikatambasula mkono kumbali, zala n'kuzibwezera m'mbuyo, kenako n'kupendeketsa mutu kuphewa lamanzere, dzanzi limathamanga m'zala ngati magetsi. Ndikabweza mutu limaphwa. Khosi ndi dzanja zikukumana pati? Kapena vuto lili m'khosi, ine ndikumanga pena? Kusoka sindingaleke, ana atatu amadya za singano yomweyi.

Yankho: Pepani mayi, ine ndimagwira ntchito ya fizo. Mtsempha umenewo umayambira m'khosi, n'kudutsa kunsi kwa fupa la paphewa, m'khwapa, pachigongono mpaka m'zala. Ndi chingwe chimodzi, ndipo chimayenera kutsetsereka mukamasuntha mkono. Mukapendekera kumanzere mukuchikoka kumtunda, ndiye pamene pathina kale paja pamalira. Zimenezo pazokha sizikutanthauza kuti khosi lavulala, ngakhale ena amapanikizika malo onse awiri. Chomangira musasiye. Bwererani mukawauze zomwe mwalembazi, akupimeni khosi, akuphunzitseninso masewero otsetsereketsa mtsempha. Musamadzikoke dala kuti mumve magetsiwo, mukuupsetsa. Mnofu wa patsinde pa chala chachikulu ukayamba kuphwa, musadikirenso.

Yankho: Achemwali, kayezetseninso shuga. Ine zinayamba choncho ndili woyembekezera, zinatha nditachira, koma anesi anati shuga naye amabweretsa zomwezo.

Mwini funso: Zikomo nonse. Mnofuwo ndaufananiza ndi wakumanzere, sunaphwe. Shuga ndikayezetsa Lolemba. Nanga a fizo, mpando wanga ndi wautali, ndimakhala chowerama tsiku lonse pamakina. Ndiudule miyendo kapena ndikweze tebulo?