Patarau akuti ndiike za kaunjika koma fatura ilembedwe zatsopano

Makaniko wa ku Moatize:
Amisiri anzanga ndithandizeni mutu wanga waima. Kwabwera lole yonyamula malasha, mwini wake walipira malaining'i atsopano a mabuleki a ma axle onse awiri akumbuyo, ndiye patarau, bwana wa garaja yathu, akuti tsegula bokosi lija la kaunjika upale ndi sandipepa uike, fatura alemba okha zatsopano ine ndingosaina papepala la ntchito. Ine ndine mkulu wa mpingo abale, Lamulungu ndimaima kutsogolo kuwerenga mawu, dzanja lomwelo lisaine bodza? Nditakana akuti pageti pali anyamata ambiri akufuna malo ako. Ana atatu ali pasukulu, lendi sindinalipire. Lole ikutuluka mawa masana, nditani

Mdala wa ku Matundo:
Wayeza koma? Lining yakale si tchimo mwana wanga, ngati nyama ikadalipo ndipo sinafike pa ma rivet, timisomali toimangira, imagwira bwinobwino. Tchimo lili papepala.

Wa ku Ulongué:
Achimwene mabuleki si osewera nawo. Ngati lole imeneyo imayenda msewu wa EN7 kulowera ku Zóbuè mukudziwa nokha mitsetse yake. Chaka china tinapita kukakoka ina komweko, dalamu ya mabuleki itapsa mpaka kusanduka yabuluu, fungo la lining likumveka uli kutali, dalaivala atakhala pansi m'mbali mwa msewu akungoyamba Atate Wathu osamaliza, mabondo ali gwedegwede. Mwayi inakatsamira kuchipupa cha phiri. Apolisi atafika funso loyamba linali lakuti anagwira mabuleki ndani, za patarau sanafunse n'komwe.

Mdala wa ku Matundo:
Imeneyo inali slack adjuster, kachitsulo kokungira mabuleki, kapena mpweya kutha, musamanamizire lining. Ndikuti tchimo lili papepala.

Mlongo wa zamagetsi:
Achimwene musawakanire pamaso pa anyamata, mabwana akachita manyazi amaluma. Apezeni ali okha muofesi. Jambulani zonse pafoni musanamange, koma musathamangire kukauza mwini lole kumbali, mawa adzati mukuwabera makasitomala ndipo garaja iliyonse mu Tete imva dzina lanu. Komanso ndikuuzeni chilungamo, musaganize kuti mukakana lero madalitso agwa mawa lake, Yosefe anakana zija koma anakagona kundende kaye. Ine ndinakana kulemba alternator yokulunganso ngati yatsopano, ndinakhala miyezi inayi ndikukonza mafani pakhonde la amayi anga, kutentha kwa Tete kuja ndiko kunandidyetsa. Muli ndi contrato, pepala la mgwirizano wa ntchito? Amakuduliraniko INSS, ndalama za penshoni zija?

Makaniko wa ku Moatize:
Contrato palibe, amangotipatsa m'manja pakutha pa mwezi. Ndayeza amdala, zinayi zatsala pang'ono kukhudza ma rivet, imodzi inamwa oyilo wa hub seal

Mdala wa ku Matundo:
Ya oyiloyo taya, imeneyo ngakhale uiwotche sichira. Zinazo mwini wake angouzidwa kuti ndi zakale alipire mtengo wa zakale basi. Ndakhala ndikunena, nkhani ndi pepala.

Wa ku Ulongué:
Amdala zafika pa ma rivet zimenezo zidya dalamu, mukuwerenga koma?

Dalaivala wa Cuchamano:
Ife amene timakhala pachiwongolero ndife timafa, inu mumatsala mugaraja. Pempherani ndithu koma musasaine. Popanda contrato ku Inspecção do Trabalho, ofesi ya boma yoona za apantchito, mukafunika mboni, ndiye ganizani kaye ngati anzanuwo angakuimireni, ambiri akaona patarau amameza mawu.

Mlongo wa zamagetsi:
Usiku uno tikukumbukirani papemphero la pabanja. Mwawauza abusa?

Mnyamata wa ku Chingodzi:
Pepani kulowerera, ndani ali ndi makina a ma rivet mbali ino? Athu athyoka punch ndipo trailer yaima pa majeki kuyambira dzulo

Mdala wa ku Matundo:
Bwera nazo kuno m'mawa dzuwa lisanakwiye, ubwere ndi ma rivet ako.