Ophunzira anga akugumula nyumba za anthu pa kompyuta, ndiwathandize bwanji?

Mphunzitsi wa zomangamanga: Anzanga, ndithandizeni maganizo. Ndikuphunzitsa kukonza madera a m'tauni omangidwa popanda pulani pogwiritsa ntchito Grasshopper, pulogalamu ya pa kompyuta yojambulira mapulani polumikiza malamulo ndi timizere tonga mawaya. Ophunzira ajambula madenga kuchokera pa zithunzi za setilaiti, kenako auza kompyuta kuti ipeze misewu yachidule. Misewu yatuluka yowongoka bwino, koma ikudutsa m'nyumba za anthu. Wina wafufuta mzere wonse wa nyumba osaphethira n'komwe.

Wojambula mapu: Vuto layambira pa chithunzicho, aphunzitsi. Setilaiti imaona denga basi. Sidziwa kuti pansi pa denga limodzi pali mabanja atatu a lendi, komanso sioona kanjira kopanikizika pakati pa makoma pomwe malata akumana pamwamba. Aikireni ophunzirawo KoboToolbox, pulogalamu yolembera zofufuza, m'mafoni, ayende ndi eni dera, alembe kumene khomo lililonse laloza, pali mpopi, pali chimbudzi, ndi pomwe madzi amadikha mvula ikagwa. Map Kibera, ntchito yojambula mapu a dera la Kibera ku Nairobi, inayamba choncho mu 2009: achinyamata a komweko anayenda ndi GPS n'kuika dera lawo pa OpenStreetMap, mapu a pa intaneti omwe aliyense angathe kuonjezerapo.

Injiniya wa misewu: Ndikuvomereza, koma funso lomwe mwaipatsa kompyuta nalonso lisinthe. Mukaifunsa msewu wachidule, ikupatsani womwewo, sidziwa chisoni. Ifunseni kuti ndi nyumba zingati zomwe zilibe njira yofika pakhomo, ndipo tingazifikire bwanji potsata malire a mapuloti, tikusuntha nyumba zochepetsetsa. Akatswiri ofufuza za mizinda Christa Brelsford, Luís Bettencourt ndi anzawo anachita zimenezi ndi mapu a ku Epworth ku Harare ndi Khayelitsha ku Cape Town, n'kusindikiza mu 2018. Chenjeraninso ndi SRTM yaulere ija, mapu oonetsa kukwera ndi kutsika kwa nthaka. Kabokosi kake kamodzi ndi mamita 30, ngalande ya mita imodzi simungaipange nayo.

Mphunzitsi wa zomangamanga: Zamveka. Nanga eni dera tiwaonetsa bwanji? Mawaya a Grasshopper aja ngakhale ophunzira amawazunguza mutu.

Wogwira ntchito ndi magulu a m'madera: Laputopu isiyeni m'chikwama, bambo. Sindikizani mapu aakulu, nyumba iliyonse muidule pa katoni molingana ndi sikelo, eni ake azisuntha okha. Mayi wogulitsa pakhomo akuuzani msanga kuti khomo lake likaloza kwina, makasitomala amuthawa. Zimenezo ophunzira abwere nazo m'kalasi, azisandutse malamulo a sikiripiti yawo, malangizo omwe amaipatsa kompyuta.

Mphunzitsi wa zomangamanga: Zikomo nonse. Ndasintha ndondomeko: tiyamba ndi kuyenda m'dera ndi pulogalamu ya mapu ya QGIS, Grasshopper ibwera pambuyo. Pochonga, aliyense azionetsa chiwerengero cha mabanja omwe pulani yake yawasuntha, ndi komwe akakhale.