Timbozi tobiriwira pa kabichi, Cypermethrin sakuthandizanso

Wadimba, Ntcheu: Akuluakulu, kabichi wanga wa masabata anayi wagwidwa ndi timbozi tobiriwira. Timadya tsamba kunsi n'kusiya kakhungu koonekera, ndipo ukatikhudza timadzipotokola n'kulendewera pa kaulusi. Ndapopera Cypermethrin kawiri koma tikungochuluka. Nditani?

Mayi wa ku Bvumbwe: Imeneyo ndi diamondback moth, bambo. Mayi wake ndi kagulugufe kotuwa, kosakwana sentimita imodzi, kamene kamauluka madzulo n'kuikira mazira kunsi kwa masamba. Kukamatentha ngati mu Okutobala, kuchoka dzira kufika gulugufe wina pamatenga masabata awiri kapena atatu basi, n'chifukwa chake zimachuluka msanga.

Cypermethrin musiyeni. Mbozizi zinamuzolowera kale, ndipo iye amangopha timavu ting'onoting'ono timene timaikira mazira m'thupi mwa mbozizo n'kuzipha. Gulani mankhwala a Bt (opangidwa kuchokera ku bakiteriya wopha mbozi), monga Dipel, mupopere dzuwa litapendeka chifukwa dzuwa limawapha mphamvu. Mbozi iyenera kudya kaye mankhwalawo: imasiya kudya tsiku lomwelo, koma kufa imafa pakatha masiku awiri kapena atatu. Musathamangire kunena kuti sanagwire. Bwerezani pakatha sabata.

Alangizi opuma: Ndiwonjezere za kapoperedwe, pakuti ambiri amalakwa pomwepa. Tsamba la kabichi ndi loterera, madzi amangogubuduzika. Thirani kasopo pang'ono kapena sitika (yothandiza mankhwala kumatirira patsamba) mu sipuleya, ndipo nozo ilunjike kunsi kwa tsamba ndi pamtima. Zikadya pamtima kabichi asanakulunge, mutu sudzapangika bwino. Zikakula mphamvu gwiritsani emamectin benzoate kapena spinosad, mlingo wa pa botolo, koma osapitirira kawiri motsatizana musanasinthe gulu la mankhwala. Werengani masiku odikira musanakolole.

Wadimba, Ntcheu: Zikomo. Nanga nimu angathandize?

Mayi wa ku Bvumbwe: Angathandize mbozi zikadali zazing'ono. Sinjani njere zouma zochotsa makoko zokwana magalamu 500, ziviikeni m'malita 10 a madzi usiku wonse, sefani ndi nsalu, mupopere tsiku lomwelo. Koma onaninso dimba lonse. Repu, mpiru ndi tchainizi ndi banja limodzi ndi kabichi, ndipo ziputu zotsala mukakolola ndiye khola la mbozizi. Zizuleni, muzikwirire. Nazale ikhale kutali ndi kabichi wakale, ndipo pamalopo ulendo wina mubzale anyezi, tomato kapena nyemba. Kuthirira ndi kheni pamwamba pa masamba madzulo kumagwetsa timbozi ting'onoting'ono komanso kumasokoneza agulugufe poikira mazira.