Foni ya mtengo wapakati yoti ikhalitse: Galaxy A15, Redmi Note 13 kapena Tecno?

Nangozo_Lizulu

Moni nonse. Ndikufuna foni ya mtengo wapakati, osati yotchipitsitsa komanso osati zodula zija. Ntchito yake ndi ya geni ya kachewere ndi kabichi pa Lizulu: kujambula katundu n'kutumizira makasitomala a ku Blantyre ndi ku Lilongwe pa WhatsApp, komanso kulandira ndalama pa Airtel Money ndi Mpamba, ndiye ma SIM awiri ayenera kukhalamo nthawi zonse. Kunyumba timatchaja ndi sola yaying'ono. M'mashopu andionetsa Samsung Galaxy A15, Redmi Note 13, Tecno Spark 20 Pro ndi Tecno Camon 30, ndipo wogulitsa aliyense akutama yomwe ali nayo. Pa zinayi izi, ndi iti yomwe ndalama zake zikupita pa chinthu chenicheni? Ndikufuna yoti indifikitse zaka zitatu.

Fundi_wa_pa_Boma_Ntcheu

Achemwali, musayambe ndi manambala akuluakulu olembedwa pa katoni. Yambani ndi purosesa, ubongo wa foni, chifukwa ndiyo imanena ngati foni idzakhale ikuthamangabe chaka chachitatu.

Galaxy A15 ya 4G, Spark 20 Pro ndi Camon 30 ya 4G zonse zili ndi purosesa ya mtundu umodzi, MediaTek Helio G99. Pa Camon anawonjezerapo dzina lakuti Ultimate, koma mtima wake ndi womwewo. Redmi Note 13 ya 4G ili ndi Snapdragon 685, yomwe imasunga bwino moto koma pa liwiro imatsalira pang'ono kwa G99. Zonsezi ndi za 6nm, kutanthauza kuti sizitentha kwambiri ndipo sizimwa batire mopupuluma. Chofunika kuchipewa ndi Helio G85 kapena G88. Izo ndi za 12nm, zakale, ndipo zimayenda ndi chosungira zinthu cha eMMC chomwe chimachedwa kuwerenga. G99 kawirikawiri imabwera ndi chosungira zinthu chothamanga cha UFS 2.2. Kusiyana kwake simukuona tsiku logula foni ili yopanda kanthu. Mumadzakuona WhatsApp ikadzaza zithunzi ndi mavidiyo a m'magulu, pomwe ya eMMC imayamba kukakamira mukamatsegula kamera.

Za RAM, malo omwe foni imagwiriramo ma app otsegulidwa, wogulitsa akakuuzani kuti "16GB", funsani kuti yeniyeni ndi ingati. Pa katoni pamalembedwa 8GB+8GB. Yeniyeni ndi 8 yoyambayo. Inayo foni imangobwereka malo ku chosungira zinthu, ndipo siithamanga ngati RAM. A15 imapezeka ya 4GB, 6GB ndi 8GB. Ya 4GB ndiyo yomwe imawoneka yotsika mtengo pa shelefu, ndipo ndiyo yomwe sindingakulangizeni pa ntchito yanuyi. Mukachoka pa WhatsApp kupita kukaona meseji ya Mpamba n'kubwerera, idzakhala ikutsegula chilichonse mwatsopano. Musatsike pa 6GB.

Tsopano nkhani yomwe ambiri saiganizira pogula: sikirini ikasweka. Pa msika foni imagwa, palibe kuchitira mwina. A15, Redmi Note 13 ndi Camon 30 zili ndi sikirini ya AMOLED, yowala bwino padzuwa, koma yeniyeni yake ndi yodula kuisintha. Spark 20 Pro ili ndi LCD, yomwe siikongola chimodzimodzi koma kusintha kwake n'kotsika mtengo. Anthu ambiri sikirini ya AMOLED ikasweka amaikitsa yotchipa ija timaitcha incell. Imagwira ntchito, koma imakhala yokhuthala, yosawala, ndipo imadya batire kuposa yeniyeni. Choipa kwambiri ndi ichi: pa Redmi Note 13 ya 4G ndi pa Camon 30 malo oyika chala potsegula foni ali pansi pa galasi, ndiye mukaika incell amasiya kugwira ntchito, chifukwa kuwala sikudutsa. Pa A15 ndi Spark 20 Pro malo a chala ali pa batani la m'mbali, sikirini ingasinthidwe kangati sakhudzidwa.

Kuyika zonsezi pamodzi, pa ntchito ya pa msika ine ndingasankhe pakati pa Spark 20 Pro ndi A15 ya 6GB kapena 8GB. Spark imabwera ndi 8GB ndi 256GB, chaja ya 33W ili m'katoni momwemo, ndipo zida za Tecno, Infinix ndi itel, zomwe zonse ndi za kampani imodzi ya Transsion, sizisowa kwa mafundi. Tsiku lomwelo logula muikitse galasi loteteza ndi kava ya mphira yokhuthala m'makona.

aJere_Bembeke

Zomwe anena a Fundi ndi zoona, koma pali mbali ina yomwe aipepusa, ndipo pa foni yosungirapo ndalama si yaing'ono. Ndikunena za ma update.

Samsung inalonjeza kuti Galaxy A15, yomwe inatuluka kumapeto kwa 2023 ndi Android 14, idzalandira Android yatsopano kanayi ndi zokonza za chitetezo kwa zaka 5. Galaxy A16 yomwe inabwera pambuyo pake anaipatsa zaka 6. Ma Spark salandira zotere. Android yomwe mwagula nayo siipita patali. WhatsApp payokha ilibe vuto, imayenda ngakhale pa Android yakale kwambiri. Koma ma app a mabanki amapita nasiya Android zakale, ndipo zokonza za chitetezo ndi zomwe zimatseka mipata yomwe ma app oipa amalowera kuti awerenge mameseji anu. Munthu amene ndalama za makasitomala zimadutsa pa foni yake ayenera kuiwerengera nkhani imeneyi.

Mtengo musauyang'ane wa tsiku logula lokha. Ugaweni ndi zaka zomwe foniyo idzagwire. Tingoyerekeza: ina ndi K400,000 ndipo mudzaisiya patatha zaka ziwiri, ina ndi K510,000 koma idzafika zitatu. Yoyambayo ikukudyerani K200,000 pa chaka, yachiwiriyo K170,000. Manambala awa ndi ongochitira chitsanzo, inu muikepo mitengo yomwe akuuzani sabata ino, poti kuyambira pomwe kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023 mtengo wa mwezi watha suthandiza kwenikweni. Muwonjezerepo zomwe mulibe m'katoni. Samsung zambiri za mtundu wa A masiku ano zimabwera ndi chingwe chokha, mutu wa chaja mugula panokha, ndipo kuti ifike pa 25W pamafunika chaja ya USB-C ya mtundu wa PD yokhala ndi PPS. Redmi ndi Tecno zimabwera ndi chaja yake. Muwerengerenso tsiku lodzagulitsa: Samsung yogwiritsidwa kale ntchito imapeza wogula msanga ndipo siigwa mtengo ngati zinazi.

Pa kamera musakopeke ndi 108MP (timadontho mamiliyoni 108 ta chithunzi) ya Redmi Note 13 ndi Spark 20 Pro. Foni imaphatikiza timadontho 9 kukhala kamodzi, chithunzi chotuluka n'kukhala cha 12MP, kenako WhatsApp imachichepetsanso potumiza. Kasitomala wa ku Limbe sadzaona kusiyana pakati pa 50MP ndi 108MP pa thumba la kachewere lojambulidwa masana. Chomwe chimathandizadi ndi OIS, kachipangizo kogwira diso la kamera kuti lisanjenjemere, makamaka m'mamawa kukadali chifunga kapena madzulo pokweza katundu. Pa zinayi zanuzo Camon 30 ndiyo ili nayo. Ngati mumajambula kwambiri kuli kamdima, ndalama yowonjezera ya Camon ili ndi chifukwa. Ngati ndi masana okhaokha, ndalamayo isungeni.

Wina akakukakamizani ya 5G, musawonjezere ndalama chifukwa cha iyo. TNM inayamba kuyesa 5G mu 2023 m'mizinda ya Blantyre ndi Lilongwe. Kuno kwathu chomwe mukufuna ndi 4G yogwira bwino.

Sola_ndi_Magetsi_Dedza

Mayi, ine ndilankhulapo pa za sola, chifukwa pamenepo pali ndalama zomwe mungataye osadziwa.

Mafoni onse anayi ali ndi batire ya 5000mAh, yomwe ndi pafupifupi 19Wh. Kusiyana kuli pa liwiro lotchajira: A15 ndi 25W, Redmi Note 13 ndi Spark 20 Pro ndi 33W, Camon 30 ndi 70W. Koma liwiro limenelo limatheka pokhapokha mutalumikiza chaja yake yeniyeni, ndi chingwe chake, ku magetsi a 230V. Pa kabowo ka USB ka sola yaying'ono mumatuluka 5V pa 1A kapena 2A, ndiye kuti 5W mpaka 10W basi. Pa 10W batire yopanda kanthu imadzaza patatha maola awiri ndi theka kapena atatu, pa 5W imatha maola anayi mpaka asanu, kaya foniyo ndi ya 25W kapena ya 70W. Ngati mumatchaja pa sola masiku onse, 70W ija mwailipira koma simudzaiona. Imakhala ndi phindu kwa amene ali ndi magetsi a ESCOM othimathima, kapena amene amatchajitsa pa shopu pa msika, pomwe theka la ola likhoza kukupatsani moto wa tsiku lonse.

Yang'anani zomwe zalembedwa pafupi ndi kabowo ka USB pa sola yanu. Ngati ndi 1A, vuto silidzakhala foni. Chingwe nacho chimabera moto: chachitali ndi chowonda mkati chimagwetsa mphamvu, foni n'kumaonetsa kuti ikutchaja koma peresenti osakwera. Gulani chachifupi, chosapitirira mita imodzi, chokhuthala. Pawa banki ya 10,000mAh siidzadzaza foni yanu kawiri monga ambiri amaganizira. Mphamvu ina imatayika posintha kuchoka pa 3.7V kupita pa 5V, ndiye yembekezerani kamodzi ndi theka.

Chinthu china cha kwanu komweko. Pa Lizulu msewu wa M1 ukuyenda m'malire enieni, ndipo foni ikasiyidwa kuti izidzisankhira netiweki imatha kulumphira ku za Mozambique monga Movitel kapena Vodacom. Ikatero mumaphonya mafoni, kapena mayunitsi amadyeka pa roaming (kugwiritsa ntchito netiweki ya dziko lina), ndipo kusakasaka nsanja kumeneko kumamwa batire. Pa foni iliyonse yomwe mugule lowani mu Settings, pa Mobile networks, pa Network operators, muzimitse zoti izisankha yokha, musankhe Airtel pa SIM ina ndi TNM pa inayo. Data roaming muizimitsenso. Izi n'zofanana kuyambira ku chipata cha Dedza mpaka ku Biriwiri.

Nyengo yathu ya chifunga ndi mvula yowaza imawononga kabowo kotchajira pang'onopang'ono. Redmi Note 13 ili ndi IP54, kutanthauza kuti imapirira fumbi ndi madontho, osati kumira m'madzi. Musalowetse chaja kabowo kali konyowa, ndi pomwe tizitsulo tamkati timachita dzimbiri.

Nangozo_Lizulu

Zikomo kwambiri akuluakulu. Camon ndaichotsa, poti ndimajambula masana ndipo 70W sindidzaigwiritsa. Zatsala A15 ndi Spark. Pali wina akugulitsa A15 yochokera ku Joni yopanda katoni pa mtengo wotsikirapo. Ndiyang'ane chiyani ndisanapereke ndalama?

Fundi_wa_pa_Boma_Ntcheu

Yopanda katoni ndi lisiti muisamale kwambiri, achemwali, ndipo musapereke ndalama musanachite izi pamaso pa wogulitsayo.

Imbani *#06#. Ituluka nambala yozindikiritsa foni, ya IMEI, ya manambala 15, ndipo pa foni ya ma SIM awiri zituluka ziwiri. Ikatuluka imodzi, ndiye kuti foniyo ndi ya SIM imodzi, zomwe zimachitika pa mafoni ena ogulitsidwa ndi makampani a netiweki ku South Africa, ndipo pa ntchito yanu siingathandize. Ngati katoni ilipo, manambalawo afanane ndi a pa katoni. Tulutsaninso kathireyi ka SIM mukaone bwino. Ngati kali ndi malo atatu, ma SIM awiri ndi memore khadi zilowa zonse. Ngati kali ndi malo awiri, malo achiwiriwo ndi a SIM kapena memore, osati zonse. Inu amene Airtel ndi TNM sizichokamo, pa thireyi ya malo awiri memore simudzaikamo, ndiye 128GB idzakuchepelani msanga ndipo ndi bwino kufuna ya 256GB.

Ikanimo ma SIM anu onse, muyatse data, muone 4G kapena LTE pamwamba, muimbe foni pa SIM iliyonse. Ikafunsa nambala yotsegulira netiweki, ndi yotsekedwa, isiyeni. Pa Samsung imbani *#0*#. Mutuluka timabokosi toyesera. Dinani Red, Green ndi Blue muone ngati pali mizere kapena madontho akuda, ndipo pa Touch muyendetse chala m'mbali monse. Mtundu wakuda pa AMOLED yeniyeni umakhala bii ngati foni yazima. Ukamaoneka wotuwa, sikirini inasinthidwa ndi incell. Kuti mutsimikize purosesa ndi RAM, ikanimo app ya CPU-Z kuchokera pa Play Store, chifukwa mafoni achinyengo amatha kunama pa About phone. Iyenera kuonetsa MT6789, yomwe ndi nambala ya Helio G99.

Chachikulu kwambiri ndi loko. Uzani wogulitsayo achotse akaunti ya Google ndi ya Samsung, achite factory reset (kufufuta zonse za m'foni) muli pomwepo, kenako muiyatse ndi intaneti mpaka mufike pa sikirini yoyamba ndi akaunti yanu. Ikafunsa akaunti ya mwini wake wakale, musagule. Komanso mafoni ena a Samsung amagulitsidwa pa ngongole ndipo amakhala ndi loko ya Knox Guard. Mwini wake akasiya kulipira, foni imatsekeka ikangolumikizana ndi intaneti, ngakhale ili kale m'manja mwanu kuno ku Malawi. Loko imeneyo siichoka ndi factory reset. N'chifukwa chake kuyesa kuyenera kuchitika data ili yoyaka, ndipo wogulitsa akulembereni papepala IMEI, tsiku, mtengo ndi masiku omwe mungabweze.

Akakana chimodzi mwa izi, pitani mukagule yatsopano yomata m'shopu yopereka lisiti ndi waranti yolembedwa. Ngati A15 yatsopano ya 6GB, mutawonjezera mtengo wa chaja, ikupitirira Spark 20 Pro pang'ono chabe, tengani Samsung chifukwa cha zomwe anena a Jere. Ngati yomwe ndalama zanu zikufikira ndi A15 ya 4GB, tengani Spark, ndipo tsiku loyamba muzimitse ma notification a ma app obwera nayo monga Palm Store ndi Phoenix, chifukwa amatumiza zotsatsa malonda zomwe zimadya bandulo.