Ulendo wa kunyanja amayi akafika ku Cape Town

Achemwali akulu: Amayi atangofika tiwatenge tonse kunyanja, koma osati Waterfront kapena Camps Bay. Tipite ku St James. Pali dziwe lomangidwa ndi khoma m'mphepete mwa nyanja, mafunde amaswekera pakhomapo, ana angasambe bwino.

Malume: Chabwino, koma tinagwirizana R300 khomo lililonse. Apereka ndi anthu anayi okha.

Mlamu: Madzi a mbali ya False Bay, komwe kuli St James, ngofundirako. Ku Camps Bay amazizira ngati a mufiriji, miyendo ya amayi singapirire. Tikwere sitima ya Southern Line, imaima pa St James penipeni, gombe lili kuseri kwa njanji. Galimoto mu Disembala simupeza poimika mu Main Road.

Azakhali: Nanga kuwotcha nyama?

Mlamu: Pamenepo ayi azakhali. Mowanso pagombe ngoletsedwa, akaupeza amalanda. Zowotcha ndi ku Oudekraal kapena ku Buffels Bay mkati mwa Cape Point, koma pachipata pamalipidwa. Mutenge mapasipoti, a mayiko a SADC amalipira zocheperako. Ku Buffels Bay anyani amatsegula ndi zikwama zomwe.

Malume: Nchifukwa chake ndikunena za R300.

Chitsirizira: Ine Lachisanu malume 🙏

Malume: Lachisanu lija la chaka chatha silinafikebe.

Achemwali akulu: Zimenezo tizisiye. Ofuna kuyenda atsike pa Muizenberg, pali kanjira ka simenti kotsata nyanja mpaka St James, kilomita imodzi ndi theka. Muone kaye nthawi ya madzi, akadzaza mafunde amakwera pakanjirako, pamaterera. Amayi asatsike, apitirire ndi sitima.

Azakhali: Paja amayi abwera ndi ufa ndi usipa? Wanga ndinaitanitsa kale, asaugawenso ngati ulendo uja.

Mlamu: Nsomba tikagula padoko la Kalk Bay, siteshoni yotsatira. Mabwato akakocheza snoek amagulitsa pomwepo, amakutumbuliraninso. Ana asayandikire ma seal (nyama za m'nyanja) ogona padokopo, amaluma.

Chitsirizira: Snoek singafanane ndi chambo koma 😂

Achemwali akulu: Tibwerere pa za tsiku. Pa 26 Disembala ndi pa 1 Januwale ayi, anthu amachita kupondana. Pakati pa sabata, tinyamuke 8 koloko. Masana mphepo ya kum'mwera chakum'mawa ikayamba, mchenga umalowa m'zakudya ndipo maambulera amauluka, makamaka pa Muizenberg. Sairini ikalira kumeneko, tulukani m'madzi, ndiye kuti aona shaki.

Azakhali: Achimwene a ku Bellville akungowerenga osayankha. Muli nafe?

Malume: Iwonso sanapereke. Mawa madzulo ndilemba mayina pano.

Mlamu: Amayi muwatengere juzi ndi chitenje chokhalira, kumeneko kumazizira msanga dzuwa likapendeka.