Kankhalango kathu kaja kayamba kubwerera

Chaka chatha ndinafunsa malangizo a mmene ndingabwezeretsere kankhalango ka agogo anga kuseri kwa mudzi wathu, njira yochoka ku Chipata kupita ku Chadiza. Owotcha makala anasiya zitsa zokhazokha, ndipo ine ndinkafuna kudzalapo bulugamu. Zikomo nonse amene munandiyankha, makamaka inu bambo amene munati ndisadzale kanthu, ndingosamala zitsazo chifukwa mizu yake idakali yamoyo.

Ndinatsatira zomwezo. Pa chitsa chilichonse cha mombo ndi mtondo ndinasiya mphukira ziwiri kapena zitatu zowongoka, zina zonse ndinadula ndi chikwanje. Mu Meyi tinalambula mzere kuzungulira malo onse, mu Juni tinatentha udzu chamadzulo usanaumitsitse. Moto wa osaka mbewa utabwera mu Okutobala unafika pamzere paja n'kuzima. Mphukira zimene zinali m'mawondo tsopano zikundifika pachifuwa. Mvula itagwa, amayi anabwera ndi bowa wodzaza lichero kuchokera pansi pa misuku, kumene anali atasiya kupitako kalekale. Ndinakhala pakhonde ndikuwayang'ana akumuchotsa dothi, mtima uli mbee.

Chimene sindinaganizire ndi mbuzi. Zinabudula mphukira za mbali ya kumudzi zonse tisanatchinge ndi minga. Amene mukuyamba, kambiranani ndi anyakwawa msanga kuti oweta adziwe malire. Lantana, chitsamba chaminga chofalikira msanga, muzizula ndi mizu yomwe, chifukwa imene ndinangodula yaphukanso yambiri kuposa kale.