Batani ndi sikirini ya iPhone 7 zikuvuta nditasintha ndekha galasi losweka

Wa ku Chilomoni:

Moni nonse. Ndikupempha thandizo kwa amene amadziwa za m'kati mwa mafoni. Ndili ndi iPhone 7 imene achimwene anga ananditumizira kuchokera ku Johannesburg, ndipo mwezi wathawu inapulumuka m'thumba la malaya pamene ndinkatsika minibasi, galasi n'kusweka kuyambira pangodya ya m'munsi mpaka pakati. Inkagwirabe ntchito, koma tizidutswa ta galasi tinayamba kundicheka chala, choncho ndinagula sikirini yatsopano m'tauni pamodzi ndi kaphukusi ka zomasulira, ndipo Loweruka masana ndinasintha ndekha potsatira kanema wa pa YouTube.

Foniyo ikuyaka ndipo zithunzi zikuoneka bwino, koma pabuka mavuto atatu amene poyamba panalibe. Batani lozungulira la m'munsi silikumva ngakhale pang'ono, ndipo foni inatulutsa uthenga wonena kuti batanilo likufunika kukonzedwa, n'kundiikira kabatani kena koyandama pa sikirini. Komanso pali kamzere koimirira kudzanja lamanja kamene sikamva chala, moti polemba uthenga zilembo za mbali imeneyo sizikulembeka. Vuto lachitatu ndi lakuti nthawi zina foni ikumatsegula yokha mapulogalamu ngati pali munthu amene akuidina. Batani ndinaikamo lakale lomwelija, sindinagule lina. Ndivomereze kuti timasikuluu tonse ndinatiika m'mbale imodzi ndipo tinasakanikirana. Kodi ndaononga bodi, chipangizo chachikulu cha m'kati chimene chimayendetsa foni yonse, kapena pali chimene ndingachitebe?

Mmisiri wa ku Limbe:

Achimwene, musanataye mtima ndiuzeni ngati sikirini yosweka ija mukadali nayo, chifukwa chida chabwino choyesera chimene muli nacho panopa ndi chimenecho. Mwachita bwino kubwezeramo batani lakale. Pa iPhone 7 batani limenelo sililowa m'kati ngati la mafoni akale. Limangozindikira kuti chala chapanikiza, ndipo kugunda kumene mumamva kumachokera ku kainjini kotchedwa Taptic Engine. Batani lililonse linagwirizanitsidwa ndi bodi yake ku fakitale, kotero kuti lochokera ku foni ina silingawerenge chidindo cha chala chanu, ndipo kawirikawiri silidina n'komwe. Ngati lanulo silinang'ambike, mwayi ulipo.

Yambani ndi kuzimitsa foni, muitsegule, ndipo chinthu choyamba kuchotsa chikhale polumikizira batire. Anthu ambiri amadumpha zimenezi poganiza kuti foni yozimitsa ilibe moto, koma bodi imakhalabe ndi mphamvu ya batire, ndipo mukalumikiza sikirini mopendekera batire lili lolumikiza mukhoza kupsereza kachipangizo kopatsa kuwala kwa kumbuyo kwa sikirini. Zikatero foni imalira koma sikirini imakhala yakuda, ndipo kukonza kwake kumafuna wodziwa kuwotcherera pa bodi. Popeza yanu ikuwala, pamenepo mwapulumuka.

Kenako yang'anani kachitsulo kamene kamaphimba batani kumbuyo kwa sikirini. Kamamangidwa ndi timasikuluu tinayi ta nsonga zitatu: titatu n'ta mamilimita 1.3, ndipo kamodzi, kamene kamalowa kumsana kwa batani lenilenilo, n'ka mamilimita 1.1. Kusiyana kwake n'kochepa kwambiri moti ndi maso okha n'kovuta kuona, koma mukaika kotalikirapo pamalo a kafupika, kapena mukamanga mothina kwambiri, batani limakhala lopanikizika nthawi zonse ndipo silimvanso chala. Ndaonapo mafoni ambiri obwera ndi dandaulo limeneli amene anachira pongomasula pang'ono kasikuluu kameneko. Timangeni mpaka tingogwira basi, osafinya ngati mukumanga gudumu la njinga.

Muonenso kawaya kopyapyala ka batani, kamene amisiri timangoti flex. Kamakhala komatidwa ndi guluu, ndipo ngati munakamatula osatenthetsa kaye, n'kutheka kuti kanang'ambika pang'ono pamene kamapindikira. Kayang'aneni pamalo owala bwino, kapena mukajambule ndi foni ina n'kukulitsa chithunzicho. Ngati kali bwinobwino, bwezerani batanilo pa sikirini yosweka ija, mulumikize zonse, batire pomaliza, ndipo muyatse foni osaitseka. Batani likagwira ntchito pa sikirini yakale, ndiye kuti vuto lili pa sikirini yatsopano, chifukwa pa iPhone 7 uthenga wa batani umadutsa mu flex ya sikirini usanafike ku bodi.

Za kamzere kosamva chala, nthawi zambiri chimachititsa ndi polumikizira sikirini pamene sipanakhale bwino mbali imodzi. Chotsani, muone ngati mulibe kafumbi kapena kachitsulo kopindika, ndipo pobwezera mugwirizanitse kaye bwino, kenako mudine pang'onopang'ono mbali imodzi ndiyeno inayo mpaka mumve kuti kwalowa. Musadine pakati mwamphamvu, chifukwa polumikizirapo pamapindika.

Mayi a ku Area 25:

Ine sindine mmisiri, koma vuto lachitatulo ndinakumana nalo pa Samsung yanga mwana wanga atasintha sikirini, ndiye ndingonenapo zimene tinapeza. Bambo, taonetsetsani ngati foniyo ikudzidina yokha nthawi zonse kapena pokhapokha ili pa tchaja. Yanga inkachita misala imeneyo usiku wokha, ndipo tinatha sabata yathunthu tikuimba mlandu sikirini, pamene cholakwa chinali tchaja yotchipa imene ndinagula pamsewu. Moto wosakhazikika wochokera ku tchaja yotero umasokoneza mmene sikirini imazindikirira chala, ndipo zikuoneka kuti masikirini ogula padera amasokonezeka msanga kuposa imene inabwera ndi foni. Titasintha tchaja vutolo linatheratu.

Kwa amene ali ndi Samsung ndipo akuwerenga pano, mafoni ambiri a mtundu umenewu ali ndi njira yodziyesera: mukalemba *#0*# pamalo oimbira foni, pamatuluka mabokosi oyesera zinthu zosiyanasiyana, ndipo pa bokosi la Touch mumayendetsa chala pa sikirini yonse n'kuona pamene sipakumva. Pa iPhone yanuyo mukhoza kungogwira chizindikiro cha pulogalamu imodzi mpaka chiyambe kugwedezeka, n'kuchikoka pang'onopang'ono kuzungulira sikirini yonse. Pamene chikupulumuka chala, pamenepo ndiye pakufa. 

Wa ku Chilomoni:

Zikomo kwambiri nonse awiri. Mwamwayi sikirini yakale inali ikadali m'kabati. Ndachita monga munanenera, ndipo nditayala timasikuluu tinayi tija papepala loyera n'kutijambula, ndaona kuti kamodzi n'kafupikadi, ndipo ine ndinali nditakamanga pangodya, kumsana kwa batani n'kuikako kotalika. Nditasinthanitsa n'kumanga mosathinitsa, batani layamba kugunda ndipo chidindo cha chala chikutsegula foni monga kale. Mayi, munalondola za tchaja: ndabwereka ya mnzanga kuntchito ndipo foni yakhala pamoto maola awiri osadzidina. Chimene chatsala ndi kamzere kaja. Ndachotsa ndi kubwezera polumikizira kawiri konse koma sikakumvabe, pamene pa sikirini yosweka mbali yomweyo ikumva bwinobwino. Funso lina ndi la timasikuluu ta kachitsulo kophimba polumikizira batire, chifukwa natonso ndikukayika ngati ndinatiika m'malo mwake.

Mmisiri wa ku Limbe:

Ndakondwa kumva kuti batani lachira, chifukwa likanakhala kuti lang'ambika mukanangotsala ndi kabatani koyandama kaja kotchedwa AssistiveTouch, kapena kugula mabatani ena apadera amene amadina koma osawerenga chidindo cha chala. Kale nkhani imeneyi inali yoopsa kwambiri: eni ake a iPhone 6 amene anasinthitsa batani ankapeza foni yatsekeka ndi uthenga wa Error 53, mpaka Apple inatulutsa pulogalamu yokonza zimenezo mu February 2016.

Pa kamzereko, kuyesa kwanu kwayankha kale. Ngati mbali imeneyo ikumva pa sikirini yakale, bodi yanu ilibe vuto, ndipo cholakwika chili pa sikirini yatsopano, kaya inabwera choncho kapena flex yake inapindika kwambiri pamene munkatseka. Kumbukirani kuti iPhone 7 imatseguka ngati buku, timawaya tili kudzanja lamanja, ndipo mukaitambasula mopitirira timawayato timakokeka. Yang'anani ngati pa flex pali mkwinya wakuthwa kapena pong'ambika. Ngati palibe, ibwezeni kumene munagula mwamsanga, mutatenga foniyo ndi sikirini yakale kuti muwaonetse kusiyana kwake iwo akuona. Ogulitsa ambiri amakana kusintha sikirini imene yamatidwa guluu kapena imene kapulasitiki kake koteteza kachotsedwa, choncho ngati kakadalipo musakamatule, ndipo yatsopanoyo mukaiyese pomwepo musanachoke.

Tsopano za timasikuluu ta kachitsulo kophimba polumikizira batire ndi sikirini. Tilipo tinayi: titatu ta mamilimita 1.2 ndi kamodzi ka mamilimita 2.4. Apa kusiyana kwake n'koonekeratu, chifukwa kamodziko n'kotalika kuwirikiza kawiri. Mukakakamiza kasikuluu kotalika m'bowo losaya, nsonga yake ikhoza kuboola pansi pa bowolo n'kudula tinjira ta moto timene tili m'kati mwa bodi, ndipo kuonongeka kotero kunavutitsa anthu ambiri pa iPhone 5s ndi iPhone 6. Popeza foni yanu ikuyaka ndi kugwira ntchito, zikuoneka kuti simunafike pamenepo, koma pomanganso muyambe ndi kuyesa kalikonse mopepuka, ndipo kakayamba kulimba mutu wake usanafike pa kachitsulo, lekani n'kukachotsa. Jambulani kachitsuloko papepala, muike kasikuluu kalikonse pamalo ake pachithunzicho n'kukamata ndi selotepi.

Potsegula munadulanso guluu wakuda wozungulira m'mphepete amene amatchinga madzi ndi fumbi. Mukamakatenga sikirini inayo, funsaninso guluu wodulidwa kale wa iPhone 7, ndipo mumuike pokhapokha mutatsimikiza kuti batani, kamera yakutsogolo, sipika ya kukhutu ndi mbali zonse za sikirini zikugwira ntchito. Ngakhale mutamuika, foniyo siidzatchinga madzi ngati mmene inalili yatsopano, choncho mvula ikayamba muziisunga m'chikwama.